Tambala Wakuda wa pa Chinkhoswe cha Faniwelo

Tinanyamuka Lachinayi kusanache bwino, ine ndi akulu anga a Zakeyu, kuchokera kumudzi kwathu kuseri kwa Malomo. Inali nyengo ya chisanu, anthu atamaliza kukolola. A Zakeyu, amene anali mkulu wa mpingo, anavala jekete lawo la ku tchalitchi ndi nsapato zimene ankazisungira tsiku la mgonero. Ine ndinakoleka paphewa kathumba ka kamba: mbatata zophika, mtedza wokazinga ndi botolo la thobwa. Kudzanja lamanja ndinalendewetsa tambala, miyendo yomanga ndi luzi, mutu pansi, monga momwe aliyense amanyamulira nkhuku.

Mwini ulendo anali tambalayo. Faniwelo, mwana wa mlongo wathu, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Lilongwe, anapeza mbeta kuseri kwa phiri la Kongwe ku Dowa, dzina lake Esinati, ndipo ife tinali ankhoswe ake. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti, ndipo zikatero ukwati wadziwika. Tsiku linali litalepherekapo kale kawiri, poyamba chifukwa cha maliro, kachiwiri chifukwa mitsinje inadzaza. Atsibweni a mtsikanayo, a Maliseni, anatumiza mawu osazungulira: Loweruka likubwerali, dzuwa likapendeka ankhoswe asanafike ndi tambala wawo, asadzavutikenso, chifukwa pali kalaliki wina wa pa boma amene wakhala akufunsira, ndipo ameneyo kwawo n'kwapafupi. Faniwelo atamva zimenezi anasiya kudya.

Mlongo wathu anasankha tambala woposa onse m'khola, wakuda bii, nthenga zonyezimira, lipombo lofiira. Anati apongozi akaone kuti kwathu nkhuku zimadya. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo za mtundu wake.

Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo pakamwa panga panali pasanazizire. Ndinkauza aliyense kuti munthu amene anawoloka maiko pa ndege ndi pa sitima sangavutike ndi maboma awiri oyandikana. Ndinati tinyamuke Lachisanu, tikafika dzuwa likadalipo. A Zakeyu, amene anali asanapitirirepo boma la Ntchisi chibadwire, anangoti, “Binisoni, ndege yako ija kuno sitera. Tinyamuka Lachinayi.”

Pa Malomo tinafika dzuwa litatuluka. Masiku amenewo panali masitolo ochepa, chigayo ndi tiyirumu imodzi. Ndinalowa mu tiyirumumo ndi mtima wa munthu wodziwa maulendo.

“Basi ya ku boma imabwera nthawi yanji, bambo?”

“Imabwera,” anatero mwini wake akutsuka kapu.

“Nthawi yanji?”

“Ikamabwera mudzaimva. Tiyi wa mkaka kapena wopanda?”

Tinamwa tiyi ndi zitumbuwa, tinamwanso wina, basi osamveka. Chakumasana kunatulukira lole yonyamula mabelo a fodya. Dalaivala anati shereni imodzi munthu aliyense, nkhuku ulere, koma pali ntchito. Ntchito yake tinaidziwa pa chitunda choyamba. Loleyo mabuleki ake anali a mwambo chabe, choncho ikalephera kukwera pankafunika munthu wodumpha msanga ndi chipika n'kuchiika kuseri kwa tayala isanayambe kubwerera ku Malomo. Popeza manja anga anali ndi tambala, chipika chinagwera a Zakeyu. Sindidzaiwala mkulu wa mpingo uja akudumpha m'fumbi, jekete likuuluka, akuthamangira tayala uku akupemphera mokweza. Amene sanayendepo njira imeneyi adziwe kuti pakati pa Malomo ndi boma la Ntchisi malo athyathyathya ndi a mpira okha.

Koma dziko lake ndi lokongola. Uli pamwamba pa mabelo umaona zitunda zikutsatana mpaka kumene maso alekezera, midzi itakhala pamisana pake, nkhokwe zatsopano zili mbee, ndipo chakum'mawa phiri la Ntchisi litafunda nkhungu pamwamba pa nkhalango yake yakuda. Fungo la fodya linatiledzeretsa tonse atatu. Tambala anagona.

Pa boma tinatsika madzulo, n'kumva kuti basi ya ku Mponela imanyamuka kamodzi kokha, m'mbandakucha. Mphunzitsi wina wa mpingo wathu anatigoneka m'kalasi, pa mabenchi. Kunazizira mpaka ndinalakalaka nditafunda tambalayo. Iye anabweza ulemu potidzutsa nthawi yabwino, pamodzi ndi mphunzitsiyo, banja lake ndi agalu onse a pa boma.

Lachisanu tinakwera basi, mashereni awiri ndi sikisi munthu mmodzi. Tambala ndinamukankhira pansi pa mpando. Pambali panga panakhala bambo wina wogulitsa nsomba zouma, wa ku Nkhotakota, amene njinga yake inali pa kaliyala. Munthuyu anali atayenda dziko lino kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo atamva nkhani zanga za ku Joni anaseka.

“Kumeneko munachita kunyamulidwa, achimwene, simunayende. Kuno kuyenda kuli ndi lamulo limodzi. Galimoto ikaima, kwerani kaye. Mafunso muzifunsa muli pamwamba.”

Ndinawasunga mawu amenewa, ndipo ndikanachita bwino kuwasiya mu basi momwemo.

Basiyo inkatentha injini pa chitunda chilichonse chachikulu. Ikatero tonse tinkatsika, amayi n'kubwereketsa mabeseni awo, amuna n'kutsetserekera kudambo kukatunga madzi. Kondakitala ankaimirira pamthunzi n'kumatilangiza. Nthawi ina tinapeza dambo louma, ndipo wansomba uja anapereka maganizo oti tithiremo thobwa langa. Pa Mponela tinafika dzuwa lili pamutu, nkhope zili mbuu ngati tachokera kuchigayo.

Pa Mponela ndi pamene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu wa ku Lilongwe. Panali anthu ambiri, ngolo, njinga, masitolo a amwenye, ndi chingwe chotchinga polowera ku depoti. Pachingwepo panaima anyamata a chipani a malaya ofiira, aja tinkawatcha ayufi, akuona makhadi. Zimenezi sizinatidetse nkhawa. Masiku amenewo munthu ukanatha kuiwala nsapato, koma osati khadi la chipani. A Zakeyu anatulutsa lawo m'buku la nyimbo, ine langa m'thumba la malaya. Mnyamata wina wamtali, wa ndevu zitatu, anatibwezera makhadi, kenaka maso ake anatsikira kudzanja langa lamanja.

“Abambo, mwanyamula chiyani?”

“Nkhuku.”

“Nkhuku yanji?”

“Tambala.”

“Wamtundu wanji?”

Ndinayang'ana pansi, kenaka ndinayang'ana khadi limene linali m'dzanja langa lamanzere. Pakhadipo panali chizindikiro cha chipani, tambala wakuda, ataimirira chilili, mutu m'mwamba. Wanga anali chadodolido, mlomo ukulemba mzere m'fumbi.

“Ndiye inu mwaona kuti n'koyenera kumuzondotsa chonchi, womanga miyendo, pamaso pa anthu onsewa?” anafunsa mnyamatayo motsitsa mawu. “Mukufuna kutiuza chiyani?”

Anthu amene anali pafupi nafe anayamba kupeza zochita kutali. Chizungu changa cha ku Joni ndi nzeru zanga zonse zinandithawa. Anatipulumutsa ndi a Zakeyu. Anavula chipewa, n'kunjuta pang'ono pamaso pa mwana woti akanatha kukhala mdzukulu wawo.

“Ana anga, ndi umbuli wa kumudzi. Uyu ndi mng'ono wanga, wakhalitsa pansi pa nthaka ku migodi, mutu wake sunabwerere bwino. Tikonza pompano.”

Anamasula luzi, anamuimiritsa tambala, n'kutulutsa mpango wawo woyera wa ku tchalitchi ndi kumupukuta mlomo ndi lipombo. Mnyamata uja anaonerera mpaka anakhutira. Analamula kuti kuyambira pamenepo tambalayo ayende pachifuwa, mutu m'mwamba, wopanda chingwe, ndipo anati atumiza mawu kutsogolo kuti anzake akaone ngati tikumvera. Luzi analanda.

Amene sanafungatirepo tambala wamkulu womasuka tsiku lathunthu asandiuze za mavuto. Amapalasa, amajompha mabatani, ndipo malaya anga a ku Joni, amene ndinkati ndikaonekere nawo pa chinkhoswe, anawasandutsa pansi pa khola. Komabe ndinaona chinthu chachilendo. Titakwera basi ya ku Lilongwe, imene inkayenera kutisiya pa mphambano ya ku Dowa, kondakitala amene anaona zonse zija anakana kuti tambala apite pa kaliyala, anakananso kuti alowe pansi pa mpando. Anadzutsa munthu kuti ine ndikhale pawindo. Mayi wina anamupatsa mtedza. Tambalayo atachita chimbudzi pa thalauza la bambo wina wovala tayi, bamboyo anayang'ana thalauza, anayang'ana tambala, anayang'ana anthu, n'kunena kuti, “Palibe kanthu, zimachapika.”

“Achimwene,” ndinanong'oneza, “ulemu umenewu sindinaulandirepo chibadwire.”

“Si wako,” anatero a Zakeyu.

Ulemuwo sunatifikitse patali. Pa Mtengowanthenga tinapeza galimoto ya boma itaima pakati pa msewu. Munthu wina anayankhula ndi dalaivala, ndipo kondakitala anatiuza kuti tonse titsike ndi katundu wathu. Basi inkafunika kukatenga amayi ovina, chifukwa mawa lake pa boma la Dowa panali msonkhano waukulu, nduna ikubwera kudzalandira mphatso zopita kwa Mtsogoleri. Palibe anadandaula mokweza. Ine ndinangofunsa za matikiti athu.

“Musunge, adzagwira ntchito basi ikadzabweranso.”

“Liti?”

“Mwina Lolemba.”

Tinadikira pamsewu mpaka dzuwa linafiira, koma galimoto iliyonse inali yodzaza kale kapena yothamangira kukadzaza. Tinakapempha malo pa chisakasa cha anthu odikirira odwala, pafupi ndi chipatala cha mishoni. A Zakeyu sanamasuke kugona pakati pa Aroma, ndipo anandiuza kuti tisakanene kumudzi. Koma amayi a pamenepo atatipatsa mbatatesi zophika ndi nyemba, anadya mbale ziwiri n'kuvomereza kuti m'mipingo ina mulinso anthu. Ine ndinkaganiza za Faniwelo, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kupalasa njinga, ataima pamudzi wa eni ake ndi suti yobwereka, akuyang'ana kunjira. Ndinachita mantha kuti timuchititsa manyazi amene sadzawaiwala.

Loweruka m'mawa tinayamba wapansi kulowera ku mphambano. Nsapato za mgonero zinali zitawatupitsa kale a Zakeyu zithendene, moti anazivula n'kuzikoleka m'khosi. Kwa mayendedwe amenewo, ku Kongwe tikanafika anthu atabalalika. Malole ankatidutsa odzaza amayi ovala nsalu zofanana, akuimba, fumbi lili kobo. Ndinkakweza dzanja, palibe amene ankationa.

Kenaka lole ina inatipitirira pang'ono n'kuima. Pawindo lakutsogolo panasuzumira mayi wonenepa, wa duku lalikulu, amene ndinamva ena akumutchula kuti amayi apampando. Sankayang'ana ine, ankayang'ana pachifuwa panga.

“Abambo inu, tambalayo ndi wa mphatso?”

Mawu a wansomba uja anandibwerera. Dzuwa linali litakwera kale.

“Tikupita ku Dowa komweko, mayi,” ndinatero.

“Kwerani msanga. Taonani anthu okonda dziko lawo, akuyenda wapansi.”

Amayi anatikoka m'mwamba ndi manja ambiri. Tisanakhale n'komwe, tambala anali atachoka m'manja mwanga. Anamuimbira nyimbo, anamuvinitsa, wina anang'amba kansalu n'kumumanga m'khosi ngati tayi, ndipo anayenda dzanja ndi dzanja mpaka anakalowa pawindo n'kukhala pamiyendo pa amayi apampando. A Zakeyu anandiyandikira.

“Binisoni, wawayankha chiyani?”

“Ndangoti tikupita ku Dowa. Ndanama?”

“Sindikufunsa zimene wanena. Iwo amva chiyani?”

Ndinawauza kuti asade nkhawa, lole ikafooka pa chitunda tidumpha. Zitunda zinalipo zambiri, ndipo lole inafookadi pa chilichonse, koma tikanadumpha bwanji mwini ulendo ali kutsogolo ndi dalaivala? Panjira tinadutsa kamsewu kena kolowera kumalo amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, kumene ankasungirako anthu olakwitsa kuyankhula. Nyimbo inatsika yokha mpaka titapitirira.

Boma la Dowa lili pamsana pa chitunda, ndipo tsiku limenelo linali litavala. Mbendera zinali paliponse, pamsewu anamanga chipata cha masamba a nthochi, ana a sukulu atandandalika mbali zonse. Pambali pa bwalo panali mpanda wa mphatso: mbuzi, nkhosa, matumba a mtedza, mabeseni a mazira, ndi nkhuku zosawerengeka. Amayi apampando anandibwezera tambala m'manja, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma anandigwira pamkono n'kutikokera kwa bambo wina wa chimkuzamawu. Anafunsa kumene tachokera, ndipo ndisanaganize, bwalo lonse linamva.

“Abambo awiri awa achokera ku Malomo, ku Ntchisi. Ayenda masiku atatu, wina nsapato zili m'khosi, kudzapereka tambala wakuda ndi manja awo.”

Nthungululu zinaphulika, ng'oma zinalira. Bambo wolandira mphatso anatambasula manja. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze mwaulemu kuti pachitika kusamvana pang'ono, kuti tambalayu ali ndi ntchito ina kuseri kwa phiri. Mawu oyamba asanatuluke, chidendene cha a Zakeyu chinatera pa chala changa chachikulu ndi mphamvu yonse imene anaiphunzira pa chipika chija. Ndinapereka. Ndinamuona akulowa mumpanda, tayi yake ili m'khosi, n'kuyamba pomwepo kuthamangitsa misoti ya eni ake. Sanacheuke n'komwe.

Anatikhazika pa benchi lakutsogolo ngati alendo olemekezeka, n'kutipatsa chakumwa cha m'botolo. Nduna inali isanafike, ndipo panalibe wodziwa kuti ifika liti. Patapita kanthawi a Zakeyu anagwira pamimba n'kufunsa kumene kuli chimbudzi, ine ndinanyamuka kuti ndiwaperekeze, ndipo tinawaperekezana mpaka kutsika chitunda.

Nzeru inali yoti tigule tambala wina panjira. Msika unali wotseka chifukwa cha msonkhano. M'midzi ya m'mbali mwa njira, nkhuku zimene sizinapite kumpanda uja zinali zitasowa mwadzidzidzi. Pakhomo lina tinapeza mayi akusenda chimanga.

“Mayi, tikufuna tambala wogula. Mtengo mutchule nokha.”

Anayang'ana malaya anga, anayang'ana jekete la a Zakeyu. Ndikhulupirira anatiyesa otolera mphatso.

“Kuno nkhuku zinatha ndi chitopa, bambo. Ngakhale nthenga simungaipeze.”

Nthawi yomweyo tambala analira m'nyumba mwake, momveka ngati ali pansi pa dengu. Mayiyo anayamba kutsokomola mwamphamvu mpaka kulirako kunatha. Tinamufunira kuchira msanga n'kupitiriza ulendo.

Njira ya ku Kongwe imakwera ndi kutsika pakati pa minda ya mbatatesi ndi mitengo ya masuku. A Zakeyu ankatsimphina osayankhula, ndipo kusayankhula kwawo kunkandipweteka kuposa chala chija. Tinatulukira pamudzi wa a Maliseni dzuwa litangoyamba kupendeka. Faniwelo anali ataima polowera, m'suti yomukulira mapewa. Atationa anathamanga akumwetulira, kenaka anaona manja anga.

“Atsibweni, tambala ali kuti?”

Ndinalephera kumuyang'ana. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale pansi pa mgodi.

Anthu anali atakhala kale pamikeka pansi pa mtengo wa mkuyu, akuchikazi mbali yawo, ife mbali yathu yopanda anthu. A Maliseni anali bambo wamtali, wowonda, wosaseka. Pambali pawo, pampando wa ndalema, panakhala tcheyamani wa chipani wa m'mudzimo, amene anatsala ku msonkhano chifukwa cha mwendo. Titalonjerana, a Maliseni anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osavala a a Zakeyu.

“Mwafika, taona. Nanga chimene mwadzera chili kuti?”

A Zakeyu anaimirira, anakonza jekete, n'kuyankhula ndi mawu awo a paguwa.

“Bambo, tinanyamuka ndi tambala wakuda, wamkulu. Podutsa pa boma tapeza mtundu wonse ukupereka mphatso kwa Mtsogoleri. Tamupereka kumeneko.”

Ndinaona nsagwada za a Maliseni zikugwedera. Munthu anali atakonzeka kutibweza, mawu ali kale pamlomo, koma akanati chiyani? Kuti talakwa? Tcheyamani anayamba kuwomba m'manja, ndipo bwalo lonse linatsatira. A Maliseni anawomba nawo pang'onopang'ono.

“Mwachita chinthu chaulemu,” anatero ngati akutafuna mchenga. “Ankhoswe, tiyeni tikaonane kuseri.”

Anatitengera kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe munthu. Ndinkadziwa kuti kumeneko ndiye atiuza za kalaliki uja.

“Tsopano ndiuzeni. Munapereka, kapena anachita kutenga?”

“Tinapereka, bambo,” anatero a Zakeyu.

“Ndikufunsa kuno kuseri, tili atatu.”

“Ngakhale kuseri kuno, tinapereka.”

Anatembenukira kwa ine. Chala changa chinali chikadali kuwawa, ndipo chinandithandiza kukumbukira.

“Tinapereka, bambo.”

A Maliseni anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pamwala, ndipo nkhope yawo youma ija inasintha.

“Mng'ono wanga, atsibweni ake ena a Esinati, anafunsidwa funso ngati lomweli pa mowa, za mbuzi yake. Iye anayankha zoona. Dzinja lathali linali lachitatu tikulima munda wake. Mkamwini adzakhala pamudzi pano, adzamva zonse zimene timayankhula m'nyumba. Ndinkafuna kudziwa kuti akuchokera kwa anthu otani.”

Anadzuka, n'kuvundukula dengu limene linali pansi pa nkhokwe. Munali tambala wofiira, wamiyendo yaitali. Anamuika m'manja mwanga.

“Zungulirani kuseri kwa khola la ng'ombe, mukatulukire kunjira ngati mukuchokera kutali. Musafulumire.”

Iwo anabwerera pabwalo n'kulengeza kuti ankhoswe a ku Ntchisi ndi anthu oganiza patali, anabwera ndi atambala awiri, winayo anamusungitsa kwa mbale wawo kumunsi kwa mudzi. Titatulukira kunjira, amayi analuluta ngati sanationepo. Mwambo unayenda. A Zakeyu anagwada, n'kupereka tambala kwa a Maliseni ndi mawu onse oyenera, ndipo a Maliseni anamulandira, anamutembenuza uku ndi uku, n'kuyamikira kuti ku Ntchisi amadziwa kuweta.

Atangomuika pansi, mlendo wochokera kutaliyo anadzikung'untha, anadutsa pakati pa anthu osasochera, analambalala mtondo, n'kukwera makwerero a chitele cha a Maliseni. Misoti ya pakhomopo sinadzutse n'komwe mitu. Kamtsikana kena kanayamba kuti, “Amayi, ameneyu si uja wa…” koma dzanja la mayi ake linafika msanga. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Tcheyamani anapeza chinthu chochititsa chidwi m'nthambi za mkuyu, ndipo anachiyang'ana mpaka tambala atalowa. Mudzi wonse unadziwa, ndipo palibe ananena.

Esinati anatuluka atamufunditsa nsalu, ndipo Faniwelo anamuvundukula. Madzulo Faniwelo anabwera pamene ndinakhala, n'kugwada pambali panga. Ndinamuuza kuti adzuke asadetse suti ya eni ake.

Lamulungu m'mawa tinatsanzika. Kutsogolo kwathu kunali zitunda zomwe zija, basi imene mwina ibwera Lolemba, ndi chipika cha a Zakeyu. Ndinali nditaphunzira kuti dziko lathuli ndi lalikulu kwa munthu wopanda galimoto yake, chifukwa galimoto iliyonse imene ingakuimire ili pa ulendo wa mwini wake, ndipo ukakwera walowa nawo ulendowo. Ndinaphunziranso kuti anthu a m'njira, ngakhale ooneka ouma, ankadziwa kutchinjirizana popanda kutchula chimene akuopa.

Tili pafupi kunyamuka, amayi ake a Esinati anabwera ndi msoti wa mwambo uja, n'kugwada patsogolo pa a Zakeyu.

“Takusankhirani woyera,” anatero motsitsa mawu, “kuti mukafike nawo kwanu.”

A Zakeyu anaulandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Titangokhota kuseri kwa khola la ng'ombe anaima, n'kuutambasula mapiko onse awiri kuti aone ngati mulibe nthenga yakuda.